Lipoti la ntchito: pulasitiki imene tinasankha posindikiza zipangizo za ulimi wamthirira ku Dedza

Lipotili likufotokoza mmene tinasankhira mitundu ya pulasitiki yopangira zipangizo zing'onozing'ono za magulu awiri a alimi amthirira m'boma la Dedza, pogwiritsa ntchito printa ya 3D ya mtundu umene umasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere unzake. Gulu loyamba limalima kachewere, kabichi ndi tomato m'madimba a kumtunda cha ku Bembeke, ndipo lachiwiri lili kunsi kwa Khwekhwerere, cha ku Golomoti, kumene kumatentha kwambiri. Ndalemba poganizira amisiri anzanga amene ayamba kugula makinawa, chifukwa ambiri amafunsa kuti pulasitiki yolimba kuposa zonse ndi iti, pamene funso limene limapulumutsa ndalama za mlimi ndi lakuti chipangizocho chikakhala pati, chikanyamula chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati makina ndi chipinda chimene tili nacho zingakwanitse kuisindikiza bwino pulasitikiyo.

Zimene alimi anabweretsa

Atcheyamani a gulu la ku Bembeke anabwera ndi thumba la zipangizo zothyoka, ndipo zina anatitumizira alimi a ku Golomoti. Munali zomangira zimene zimagwira mawaya ndi kabokosi koyendetsa pampu pa chimango cha sola, tolumikizira mapaipi a mamilimita 16 a mthirira wodontheza, mphira zotsekera madzi za pampu yopalasa ndi miyendo, chogwirira cha chopopera mankhwala chobereka kumsana pamodzi ndi kavalavu kake kam'kati. Zonsezi si zodula, koma zina zinabwera ndi zipangizo zochokera kunja ndipo muyeso wake sugwirizana ndi zimene zimagulitsidwa paboma pano, mwinanso ngakhale ku Lilongwe, kumene ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Kachipangizo kamodzi kakathyoka m'mwezi wa Seputembala, dimba lonse limagona ndi ludzu.

Makina ndi chipinda

Njira yosindikizira imeneyi anaiyambitsa ndi S. Scott Crump wa ku America, amene analembetsa umwini wake mu 1989, ndipo kampani ya Stratasys inaitcha FDM. Makina otsika mtengo anachuluka pamene ntchito ya RepRap yopanga maprinta amene munthu angadzipangire yekha, yomwe Adrian Bowyer anayambitsa pa yunivesite ya Bath mu 2005, inakumana ndi kutha kwa umwiniwo mu 2009. Athu ndi a m'gulu lotsika mtengoli: ndi otseguka mbali zonse, amadya ulusi wa mamilimita 1.75, nozzle yake, kamlomo kotulutsira pulasitiki yosungunuka, ndi ya brass ya bowo la mamilimita 0.4, ndipo poyamba mutu wake wotenthetsa unali ndi kapaipi ka pulasitiki ya PTFE kofika mpaka pa nozzle, kamene sikafunika kupitirira madigiri pafupifupi 240 chifukwa kamayamba kuwonongeka ndi kutulutsa utsi woipa.

Pali zinthu ziwiri zimene njirayi imabadwa nazo, ndipo chisankho chilichonse m'lipotili chachokera pa izo. Choyamba n'chakuti pulasitiki imene yafewa ndi kutentha kuti idutse pa nozzle idzafewanso ikadzakumana ndi kutentha kumunda, ndipo imayamba kutaya mphamvu kale isanafike posungunuka. Mlingo umene imayambira kufewawo akatswiri amautcha Tg. Chachiwiri n'chakuti chosindikizidwa chimalimba motsata mizere koma chimafooka polumikizana mizereyo, monga chikuni chimawazika mosavuta nkhwangwa ikatsata msempha wake koma chimakana ikadula mopingasa.

Chipinda chathu nachonso chili ndi gawo lake. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira ndi nkhungu zimalowa m'nyumba, pamene kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya umadzaza chinyezi. Magetsi amathima nthawi zina pakati pa ntchito, choncho pulasitiki yofuna maola ambiri oumitsa kapena mbale yosindikizirapo yotentha kwambiri imadya batire yathu msanga.

PLA, imene aliyense amayamba nayo

PLA ndiyo pulasitiki imene imapezeka mosavuta, imasindikizika pa madigiri 190 mpaka 220, sipindika m'makona ngakhale m'chipinda chozizira, ndipo ikangochoka pa mbale imaoneka yosalala ndi yolimba. Ukaiyesa poikoka kamodzi, imaposa mapulasitiki ena monga ABS ngakhalenso PETG, ndipo ichi ndi chimene chimanamiza anthu owerenga matebulo a mphamvu okha. Tg yake ili pakati pa madigiri 55 ndi 60 basi.

Pofuna kuti alimi aone okha, tinasindikiza chomangira cha mtundu umodzi ndi PLA, PETG, ABS ndi ASA, chilichonse tinachimanga ndi bawuti ya M6 (ya mamilimita 6) pa chidutswa cha paipi yachitsulo, ndipo tinaziika padenga la malata m'mwezi wa Okutobala. Cha PLA yakuda sichinathyoke. Chinangomasuka: kamwa lake linayasamula pang'ono, washa inamira mu pulasitiki n'kusiya chizindikiro chozungulira ngati chodinda, ndipo bawuti imene tinaimanga ndi sipanala inkazungulira ndi zala. Ukachigwira madzulo chinali cholimba ngati poyamba, koma mu maonekedwe atsopanowo. Awa ndiwo mathero a PLA pa ntchito yakunja, ndipo amachitika ngakhale kutentha kusanafike pa Tg, chifukwa pulasitiki imeneyi ikapanikizidwa nthawi yaitali imasuntha pang'onopang'ono kuthawa mphamvu yoipanikizayo.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife a ku Dedza makamaka, popeza kuzizira kwa kwathu kumatipusitsa. Mphepo ikhoza kukhala yozizira munthu n'kuvala juzi, koma chinthu chakuda chogona pa chitsulo masana dzuwa lili paliwombo chimatentha kuposa mpweya wozungulira, ndipo kumtunda kuno kuwala kwa UV, mbali ya dzuwa imene imawononga pulasitiki, kumakhala kwamphamvu kuposa kuchigwa. Ku Golomoti zonse ziwiri zimakumana, mpweya wotentha ndi dzuwa losakhululuka.

Amayi ena a m'gulu la ku Bembeke, atamva kuti PLA imapangidwa kuchokera ku sitalichi ya chimanga kapena nzimbe, anafunsa ngati ingaole ikakwiriridwa m'dimba. Yankho n'lakuti siola choncho. Imafuna kompositi ya m'mafakitale yotentha madigiri pafupifupi 58 ndi chinyezi chokhazikika kuti iphwanyike, ndipo m'nthaka wamba imakhala zaka zambiri. Choncho PLA sikhalitsa mokwanira kuti igwire ntchito padzuwa, komanso siola msanga kuti titaye zidutswa zake m'munda tili ndi mtendere mumtima. Tinaisiyira ntchito imodzi imene imaichita bwino kwambiri, yoyesera muyeso: chipangizo chatsopano timayamba tachisindikiza ndi PLA, mlimi amakachiyesa pa pampu yake, ndipo zikagwirizana ndi pamene timatsegula ulusi wodula.

Zomangira za pa sola: ABS ndi ASA

ABS imapirira kutentha, pakuti Tg yake ndi madigiri pafupifupi 105, koma inatigonjetsa pawiri. Posindikiza imafuna mbale yotentha madigiri 100 kapena kuposerapo ndi mpweya wofunda wosasuntha, ndipo m'chipinda chathu chozizira makona ankadzuka pa mbale, zipangizo zazitali n'kumang'ambika pakati pa mizere ntchito isanathe. Kachiwiri, ABS ili ndi mphira ya butadiene imene dzuwa limaiwononga, kotero kuti imachita chikasu, imatuwa pamwamba, kenako imathetheka. Imatulutsanso fungo la styrene limene munthu sayenera kulipuma m'chipinda chotseka.

ASA ndi mbale wake wa ABS, koma m'malo mwa butadiene muli mphira ya acrylate imene imapirira dzuwa, ndipo n'chifukwa chake imagwiritsidwa ntchito pa zinthu zakunja kwa galimoto. Tg yake ndi madigiri pafupifupi 100. Kuti tiisindikize tinasintha zinthu ziwiri. Tinaika mutu wotenthetsa wachitsulo chokhachokha kuti tifike pa madigiri 250 mopanda mantha, ndipo kalipentala wapafupi anatikhomera bokosi la pulayiwudi lokhala ndi chitseko chagalasi, mbali ya magetsi ya makinawo n'kutsala kunja kuti isatenthe. Ndi bokosilo, mbale ili pa madigiri 100, fani yozizilitsa itachepetsedwa kwambiri, komanso mkombero wopyapyala wogwira chipangizo pa mbale, zomangira zinatuluka zowongoka. Tinasankha ASA yoyera kuti isamwe kutentha, ndipo pansi pa mutu wa bawuti tinaika washa zazikulu kuti mphamvu imwazike pamalo otakasuka.

ASA ndi yodula ndipo sipezeka nthawi zonse, koma ndi yopepuka: sentimita imodzi ya mbali zonse imalemera magalamu pafupifupi 1.07, pamene ya PETG imalemera 1.27 ndipo ya PLA 1.24. Kilogalamu imodzi ya ASA imatulutsa zipangizo zochulukirapo, ndipo wowerengera mtengo ayenera kuwerengera pa chipangizo, osati pa mpukutu.

Tolumikizira mapaipi: PETG

Apa ndi pamene tinathera nthawi yambiri, ndipo ndi pamene ndikuona kuti amisiri anzanga angapindule kwambiri. PETG ndi ya banja limodzi ndi PET ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, koma anaisintha ndi glycol kuti isaume mothetheka ikamazizira. Imasindikizika pa madigiri 230 mpaka 250, mbale ili pa 70 mpaka 85, sifuna bokosi, mizere yake imagwirana bwino kuposa ya ABS, siopa madzi, ndipo Tg yake ya madigiri pafupifupi 80 ndi yokwanira pa chipangizo chogona pansi chimene madzi amadutsamo n'kumachiziziritsa. Ikapanikizika imayamba yapindika isanathyoke, ndipo khalidwe limeneli ndi labwino m'dimba mmene mapaipi amapondedwa ndi kukokedwa.

Komabe kusankha PETG kokha sikunathetse nkhani. Kolumikizira paipi kali ndi mphuno ya mano imene imalowa m'paipi, ndipo njira yosavuta ndiyo kukasindikiza koimirira kuti kabowo katuluke kozungulira bwino. Koma koimirira, mizere imadutsa mopingasa mphunoyo, ndipo paipi ikakokedwa cham'mbali mphuno imaduka patsinde, malo othyokawo n'kuoneka osalala, mizere yozungulira ikuwerengeka ndi maso. Tolumikizira towongoka tinatisindikiza togona kuti mizere itsate utali wa mphuno, ndipo kumtunda kwa kabowo tinakusongola pang'ono kuti kusagwere m'kati. Topindika ndi ta nthambi zitatu timagona bwinonso chifukwa nthambi zonse zimakhala pa mbale. Pamene panafunika kuimiritsa, tinakulitsa tsinde ndi kulizunguliza kuti pasakhale kona yakuthwa poyambira mng'alu.

Kuti madzi asadonthe, chofunika ndi makoma, osati zodzaza m'kati. Tinaika makoma anayi kapena kuposerapo, mizere yopyapyala ya mamilimita 0.16, kutentha kwa madigiri 245 ndi fani yochepa kuti mzere watsopano usungunukire mu unzake. Kachipangizo kotere sikakongola, kamakhala ndi tiulusi tambiri tofunika kudula, koma kamasunga madzi. Tinasankha yakuda yosaonekera m'kati, chifukwa PETG yoonekera imalowetsa kuwala ndipo ndere zimamera n'kutseka timabowo todontheza. Wosindikiza pa galasi adziwenso kuti PETG imamatirira mpaka kubenthula galasilo, choncho ndi bwino kupaka guluu wa ana asukulu kuti akhale pakati.

Malire a ntchitoyi ndi mphamvu ya madzi. Madzi otalika mamita 10 amapanikiza ndi mphamvu ya bar imodzi, kotero thanki yokwezedwa mamita awiri imapereka bar 0.2 yokha, ndipo tolumikizira tathu timaipirira mosavuta. Mbali yochokera ku pampu kukwera ku thanki ndi ina, chifukwa kumeneko mphamvu imakwera kangapo ndipo imagunda pampu ikamayaka ndi kuzima. Kumeneko tinakana kusindikiza, ndipo tinalangiza alimi kugula zolumikizira za PVC kapena zachitsulo zopangidwa ku fakitale. Tinawauzanso mosabisa kuti tolumikizira ta muyeso wamba tikapezeka m'sitolo agule tomweto, chifukwa tothiridwa mu chikombole n'totsika mtengo ndiponso tolimba kuposa tosindikiza. Printa ndi ya chimene chasowa pamsika.

Mphira za pampu yopalasa

TPU ndi ulusi wofewa, ndipo umene umapezeka kwambiri ndi wa muyeso wa kulimba wa 95A. Pa makina amene injini yokankha ulusi ili kutali ndi mutu, ulusiwu umapindika m'njira, choncho tinayenda pang'onopang'ono, mamilimita pafupifupi 20 pa sekondi, pa madigiri 230. Mphira zafulati zotsekera pakati pa zitsulo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti zinagwira ntchito bwino. Koma 95A ndi yolimba kuposa mphira zozungulira za m'sitolo, zimene kawirikawiri zimakhala za 70A, ndipo timizere ta pamwamba pake timasiya njira ya madzi pamene mphira iyenera kutsetsereka kapena kutseka ndi mphamvu yochepa. Pa timavalavu ta pampu, chidutswa cha chubu chakale cha galimoto chimene abambo ena a m'gululo amadula ndi mpeni chinatseka bwino kuposa chathu. Tinawasindikizira chikombole chodulira cha PETG kuti zidutswazo zizituluka zofanana, ndipo ndikukhulupirira kuti pa thumba lonse lija ntchito imeneyi ndi imene inapindulitsa kwambiri poyerekeza ndi pulasitiki imene inadya.

Chopopera mankhwala, ndi zimene tinakana

Chogwirira chakunja tinachipanga ndi PETG, chogona, makoma ochindikala. Pamene chimazungulira pa pini, mabuku amalimbikitsa nayiloni chifukwa imaterera ndipo sikutha msanga. Nayiloni imamwa chinyezi kwambiri, moti mtundu wa PA6 ukakhuta madzi umatha kumwa pafupifupi magawo 9 pa 100 a kulemera kwake, ndipo ulusi wonyowa umathetheka pa nozzle, nthunzi ikuoneka, mizere n'kutuluka ya thovu ndi yofooka. Kuumitsa kumafuna maola angapo pa madigiri 70 mpaka 80 ndi kusindikiza kuchokera m'bokosi louma. M'nyengo yamvula ya ku Dedza, ndi magetsi osadalirika, tinaona kuti mpukutu wa nayiloni ungationongekere tisanaumalize, choncho tinaika kachidutswa ka paipi yachitsulo m'bowo la chogwiriracho kuti pini izizungulira pa chitsulo.

Kavalavu kam'kati, kamene mankhwala amadutsamo, tinakana kukasindikiza, ngakhale atcheyamani anadandaula kuti nyengo ya chiwawu cha kachewere yayandikira. Mathanki a zopopera amapangidwa ndi polyethylene kapena polypropylene chifukwa mapulasitiki amenewa amapirira mankhwala, pamene mankhwala ena amadzimadzi ali ndi zosungunulira zimene zimang'alula ABS, ASA ngakhalenso PETG ikakhala yopanikizidwa. Polypropylene imapezeka ngati ulusi, koma imapindika kwambiri ndipo simamatira pa mbale wamba. Kuwonjezera apo, chosindikizidwa chili ndi timipata tosaoneka timene timasunga mankhwala ngakhale chitatsukidwa, ndipo valavu ikaphulika ili pamsana kapena m'manja mwa munthu, chowonongeka si chipangizo chokha. Ndinawauza kuti: "Atcheyamani, ichi chokha mutikhululukire, gulani chenicheni ngakhale chichedwe." Pa chifukwa cha timipata tomweto, sitinavomere kupanga mpopi wa ndowa ya madzi akumwa.

Kusunga ulusi, ndi funso la mabotolo

Ulusi wonse umachokera kunja ndipo mpukutu wa kilogalamu imodzi umatenga nthawi kuti ufike, choncho kuusunga ndi gawo la kusankha. PETG ndi TPU nazonso zimamwa chinyezi, ngakhale osati ngati nayiloni. Timasunga mipukutu m'ndowa zokhala ndi zivindikiro zothina, muli timatumba ta silica gel tomwa chinyezi, ndipo wonyowa timauumitsa pa mbale ya printa, pa madigiri pafupifupi 65, titauvundikira ndi katoni.

Achinyamata a m'gulu la ku Golomoti anafunsa za kupanga ulusi kuchokera ku mabotolo otayidwa. N'zotheka: botolo la PET limadulidwa kukhala lamba wautali n'kukokedwa pa nozzle yotentha. Koma PET wamba imafuna kutentha kokwera kuposa PETG, ulusi wake sutuluka wofanana kukula, ndipo botolo limodzi limapereka wochepa. Ndikufuna kuti tidzayese pa zinthu zosanyamula katundu, monga zikwangwani za mizere ya mbewu, osati pa tolumikizira madzi.

Zimene tinapeza kumunda

Nyengo yamthirira itatha ndipo mvula itagwa n'kusiya, tinayendera magulu onse awiri. Zomangira za ASA zinali zothina ndipo mtundu wake sunasinthe, ku Bembeke ndi ku Golomoti komwe. Tolumikizira ta PETG tokwiriridwa ndi maudzu tinali bwinobwino. Ta ku Golomoti timene tinali poyera, pamene paipi imatuluka pansi pa thanki ndi kulendewera, tinapindika pang'ono chifukwa masana thanki ikauma timakhala topanda madzi otiziziritsa kwinaku tikunyamula kulemera kwa paipi. Pamalo amenewo tasinthira ku ASA ndipo taika chochirikiza paipi. Mphira zafulati za TPU zinaphwatalala pang'ono, ndipo mabawuti ake amafuna kumangidwanso pakapita nthawi.

Chovuta poyendera chinali kudziwa kuti kachipangizo kakuda kali m'matope kanapangidwa ndi pulasitiki iti, makamaka alimi atabwerekana zipangizo pakati pa madimba. Tsopano chilichonse chimatuluka ndi dzina la pulasitiki, mwezi ndi chaka zolembedwa motukuka pambali pake, ndipo alembi a magulu onse awiri avomera kusunga zothyoka m'thumba m'malo mozitaya, kuti pobwera nazo tiziona ngati zinaduka motsata mizere, zinafewa ndi kutentha kapena zinathetheka ndi dzuwa, popeza chilichonse mwa zitatuzi chimafuna mankhwala ake: kusintha kagonekedwe, kusintha pulasitiki, kapena kuchotsa chipangizocho padzuwa.